Alexander Ostrovsky, kalaliki wa khoti amene analemba za misozi ya akazi a ku Russia

Ku Moscow kuli nyumba yocitilamo masewelo yochedwa Maly Theatre, imene anthu a kumeneko amaicha nyumba ya Ostrovsky. Mwini dzinalo analemba masewelo 47, ndipo ambili mwa iwo anaseweledwa m'nyumbayo iye ali moyo. Ife lelo tafuna kuti awelengi athu amudziwe munthuyu cifukwa ca akazi awili a m'masewelo ake, Katerina ndi Larisa. Onse awili amafela pa mtsinje wa Volga, koma cimene cinapha mmodzi si cimene cinapha mnzake. Kusiyana kumeneku kumatiuza zambili za dziko limene wolembayo anakhalamo.

Alexander Ostrovsky anabadwa pa 12 April 1823 ku Zamoskvorechye, dela la mzinda wa Moscow limene munadzaza amalonda. Anthu a m'delalo anali ndi nyumba za mipanda itali-itali ndi zipata zokhoma, ndipo mawu a mwamuna wamkulu pakhomo anali lamulo. Atate ake anali mwana wa wansembe, koma iwo anasankha nchito ya zamalamulo. Amai ake anamwalila mu 1831 iye ali ndi zaka 8. Mu 1840 analowa pa yunivesite ya Moscow kukaphunzila zamalamulo monga mmene atate ake anafunila, koma mtima wake unali ku masewelo. Mu 1843 anasiya sukulu osatsiliza.

Atate ake anamupezela nchito ya ukalaliki pa khoti imene inali kuweluza milandu ya m'mabanja, kumene makolo anali kusumila ana ao ndipo ana anali kusumila makolo. Mu 1845 anasamukila ku khoti ya zamalonda. Kwa zaka pafupi-fupi 8 mnyamatayu anakhala pa tebulo akulemba madandaulo a anthu olimbilana colowa, nkhongole ndi katundu. Kumeneko n'kumene anamva mmene amalonda amalankhulila akakwiya, akamanama ndiponso akamacondelela.

Sewelo lake loyamba lalikulu linasindikizidwa mu 1850. Linali kukamba za wamalonda amene ananamizila kuti washota ndalama kuti athawe nkhongole, kenaka n'kubeledwa ndi mkamwini wake. Amalonda a ku Moscow anakwiya n'kukadandaula ku boma. Mfumu Nicholas I inaletsa sewelolo, apolisi anayamba kumulonda, ndipo mu 1851 anacoka pa nchito. Linadzaseweledwa mu 1861 atasintha mathelo ake. Kuyambila nthawi imeneyo Ostrovsky anadalila colembela cake kuti adye, ndipo ndalama zinali kumuvuta kwa zaka zambili.

Mu 1856 unduna woona za asilikali a pamadzi unatuma olemba angapo kukafufuza umoyo wa anthu a m'mbali mwa mitsinje ndi nyanja. Ostrovsky anapatsidwa cigawo ca kumtunda kwa Volga. Anayenda m'matauni aang'ono, akumvetsela malankhulidwe ndi kuona mmene mabanja anali kukhalila. Zipatso za ulendowu zinaoneka mu November 1859 pamene sewelo la Groza, kutanthauza mvula ya mabingu, linaonetsedwa koyamba ku Maly Theatre.

Katerina wa m'sewelo limeneli ndi mtsikana wopemphela amene anakula mwaufulu kwao. Anakwatiwa ndi Tikhon, mwamuna wofatsa koma wopanda mawu pamaso pa amai ake. Apongozi ake, mai Kabanova, ndi mkazi wamasiye wolemela amene amalamula ciliconse m'nyumba, ngakhale mmene mkazi ayenela kulilila mwamuna akamapita pa ulendo. Tikhon atapita ku Moscow, mlamu wake Varvara anapatsa Katerina kiyi wa cipata ca kumunda, ndipo Katerina anayamba kukumana usiku ndi mnyamata wina dzina lake Boris. Mwamuna wake atabwelela, kunagwa mvula ya mabingu. Katerina anaona ngati cilango ca Mulungu cafika, conco anagwada n'kuulula zonse pamaso pa anthu. Boris anatumizidwa ku Siberia ndi amalume ake, ndipo anakana kupita naye cifukwa colowa cake cinali m'manja mwa amalumewo. Katerina anadziponya mu Volga.

Tisaiwale kuti mkazi wa ku Russia wa nthawi imeneyo analibe kothawila. Kuthetsa ukwati kunali m'manja mwa chalichi ndipo kunali kosowa kwambili. Mkazi sanali kupatsidwa ciphaso ca ulendo popanda cilolezo ca mwamuna wake. Mu 1860 wolemba ndemanga Nikolai Dobrolyubov anaona Katerina monga kuwala m'dziko la mdima, munthu amene anakana kuponderezedwa. Mu 1864 mnzake Dmitry Pisarev anatsutsa, nati mtsikanayu anangotengeka ndi mantha ndi maganizo osakhazikika. Mkangano umenewu ukali kuphunzitsidwa m'masukulu a ku Russia. Ife tikuona kuti Ostrovsky sanaike imfayo monga cipambano. Kumathelo kwa sewelo Tikhon, kwa nthawi yoyamba, aloza cala amai ake pamaso pa anthu, koma mkazi wake ali kale mtembo.

Panapita zaka 19 kuti mkazi waciwili aonekele. M'zaka zimenezo dziko linasintha. Mu 1861 Mfumu Alexander II inamasula alimi amene anali ngati akapolo a eni minda. Kunaculuka njanji, mabanki ndi sitima za pamadzi zoyendela nthunzi. Wamalonda wa ndevu ndi cipata cokhoma analowedwa m'malo ndi munthu wa suti, wowelenga nyuzipepala ndi wopita ku Paris. Ostrovsky anayamba kulemba Bespridannitsa mu 1874 ndipo linaonetsedwa mu November 1878. Dzinali litanthauza mtsikana wopanda cuma copita naco ku ukwati.

Apa pafunika kufotokoza pang'ono. Kwathu kuno acibale a mwamuna ndiwo amapeleka cimalo kapena malowolo. Ku Russia zinali zosiyana: makolo a mtsikana ndiwo anali kupeleka ndalama ndi katundu kwa mkamwini. Mtsikana wa m'banja losauka, kaya akongole bwanji, anali kusowa womufunsila wooneka.

Larisa ndi wokongola, woimba bwino ndi gitala, koma amai ake, mai Ogudalova, alibe cakumupatsa. Iwo amatsegula nyumba yao kwa amuna olemela, akulandila mphatso ndi kuyembekeza kuti wina agwa mu msampha. Larisa anakonda Paratov, mwini sitima za pamadzi, amene anamusiya osatsazika. Atatopa, anavomela kukwatiwa ndi Karandyshev, kalaliki wosauka amene amamufuna kuti adzionetse kwa olemela amene amamuseka. Paratov atabwelanso, Larisa anacoka pa phwando la citomelo cake n'kuwoloka naye mtsinje usiku. M'mawa mwake Paratov anamuonetsa mphete: anali atatomela kale mkazi wina wokhala ndi migodi ya golide. Pamenepo amalonda awili, Knurov ndi Vozhevatov, anaponya kobili m'mwamba kuti aone amene adzamutenge kupita naye ku Paris. Larisa atamva izi anazindikila kuti onse amamuona ngati katundu. Karandyshev anamuwombela ndi mfuti, ndipo iye anafa osaimba mlandu munthu aliyense.

Tikaika akazi awiliwa pamodzi, kusiyana kumaoneka. Katerina ali ndi mdani wooneka ndi maso, apongozi ake, ndipo ali ndi Mulungu amene amamuopa. Amadziwa cimene acicha chimo, ndipo ndiye yekha amene aulula. Larisa alibe womukalipila. Onse amamumwetulila, amamuombela m'manja akaimba, amamugulila mphatso. Palibe cipata cokhoma, koma palibenso wina womufunsa cimene mtima wake ufuna. Katerina anatsekeledwa ndi mwambo wakale, Larisa anaikidwa pa msika ndi ndalama zatsopano. Amuna amene akaziwa anawakonda ndi amodzi-modzi: Boris anasankha colowa, Paratov anasankha migodi. Tikuganiza kuti apa m'pamene kalaliki wa khoti uja aonekela. Anaphunzila kuti mlandu wa m'banja ukaufufuza bwino, pansi pake umapeza ndalama.

Owonelela a mu 1878 sanalikonde sewelo laciwilili, ndipo olemba ndemanga anati mkuluyu watha nzelu. Linadzachuka mu 1896, iye atamwalila kale, pamene Vera Komissarzhevskaya anasewela monga Larisa ku St Petersburg. Pambuyo pake anapangapo mafilimu mu 1936 ndi mu 1984. Nayenso Katerina anawoloka malile: mu 1921 Leoš Janáček anaonetsa sewelo loimba la nkhani yake ku Brno.

Umoyo wa Ostrovsky mwini sunali wopanda banga pa nkhani ya akazi. Anakhala zaka pafupi-fupi 20 ndi Agafya Ivanovna, mkazi wa m'banja losauka amene atate ake sanamufune. Ngakhale atatewo atamwalila mu 1853, iye sanamange naye ukwati ku chalichi. Ana ao ambili anafa ali aang'ono. Ali naye m'nyumba, anakondanso Lyubov Nikulina-Kositskaya, mkazi amene anayamba kusewela monga Katerina, koma iye anamukana. Agafya anamwalila mu 1867, ndipo mu 1869 Ostrovsky anakwatila Maria Bakhmetyeva, amene anabala naye ana 6. Munthu amene anaona bwino zowawa za akazi pa siteji anasiya mkazi wake woyamba wopanda dzina la ukwati mpaka imfa.

Anamenyelanso ufulu wa olemba anzake. Mu 1874 anatsogolela kukhazikitsa bungwe la olemba masewelo, lotolela malipilo sewelo likaonetsedwa, ndipo anakhala wapampando wake mpaka imfa. Kuciyambi kwa 1886 anapatsidwa udindo wosankha masewelo a m'nyumba za boma ku Moscow, nchito imene anailakalaka kwa zaka zambili, koma mtima wake unali utafooka. Anamwalila pa 14 June 1886 pa munda wake wa Shchelykovo, m'cigawo ca Kostroma, ali ndi zaka 63.

Ife amene timakhala pansi kukambilana za malowolo a ana athu, ndi amene timalangiza atsikana kuti ukwati n'kupilila, tingapindule kudziwa akazi awiliwa. Mwambo wathu ndi wosiyana ndi wa ku Volga, ndipo cimalo cinayamba monga ulemu pakati pa mabanja awili. Koma pamene acibale ayamba kuwelengela masatifiketi a mtsikana kuti akweze mtengo, kapena kumubweza kwa mwamuna womumenya cifukwa ndalama zinadyedwa kale, mtsikanayo ali pamalo amene Katerina ndi Larisa anaimapo. M'masewelo onse awili munali anthu ambili oona zimene zinali kucitika, ndipo palibe amene analankhula nthawi ikalipo.