Rachel Carson, mayi amene anakana kuti nyanja ikhale dzala

Mwina munamva pawailesi kuti pa 16 Januwale 2025 roketi yoyeserera ya kampani ya SpaceX, yotchedwa Starship, inaphulika mumlengalenga itangonyamuka ku Texas. M'masiku otsatira, anthu a pazilumba za Turks and Caicos ankatola matailosi akuda ndi zidutswa zina pagombe. Pa 6 Malichi inanso inaphulika, zidutswa zake n'kugwera ku Bahamas. Meyi akutha, mapulasitiki ndi zitsulo zinakankhidwa ndi mafunde mpaka pagombe la Playa Bagdad ku Mexico, kumene akamba a m'nyanja a mtundu wosowa kwambiri amaikira mazira.

Oulutsa maroketi amasankha dala njira yodutsa pamwamba pa nyanja, kuti zikavuta zigwere m'madzi osati padenga la munthu. Nzeru imeneyo n'njomveka. Koma chikagwa m'nyanja chimakathera kuti? Funsoli analifunsa kalekale ndi mayi wina wa ku America, Rachel Carson.

Chodabwitsa n'choti iye anakulira kutali ndi nyanja. Anabadwa pa 27 Meyi 1907 ku Springdale m'chigawo cha Pennsylvania, ndipo amayi ake ndi amene anamuzoloweza kuyenda m'tchire, kumvetsera mbalame ndi kuwerenga mabuku. Kukoleji anayamba ndi maphunziro a Chingerezi pofuna kudzakhala mlembi, kenako anasinthira ku sayansi ya zamoyo. Nyanja yamchere anaiona koyamba mu 1929 ku Woods Hole, ali ndi zaka 22.

Umphawi sunamulole kufika pamene ankafuna. Atalandira digiri yachiwiri ku Johns Hopkins mu 1932, anasiya maphunziro a udokotala panjira kuti azidyetsa banja. Bambo ake anamwalira mu 1935, mkulu wake mu 1937, n'kusiya ana aakazi awiri. Amene munalerapo ana amasiye mukudziwa kulemera kwa mtolo umenewu. Anaupirira polemba nkhani za pawailesi zokhudza nsomba ku nthambi ya boma yoona za usodzi, ndipo mu 1936 anamulemba ntchito ngati katswiri wa zamoyo za m'madzi. Mabuku ake ankalemba usiku, akaweruka.

Loyamba linatuluka mu Novembala 1941, patangotsala mwezi kuti America ilowe nkhondo, choncho palibe analilabadira. Lachiwiri, The Sea Around Us la mu 1951, linagulidwa kwambiri moti chaka chotsatira anasiya ntchito ya boma. M'bukuli anafotokoza m'mawu osavuta kuti madzi a m'nyanja sakhala malo amodzi. Muli mitsinje ikuluikulu yosaoneka, ina pamwamba, ina pansi penipeni, yoyenda makilomita zikwizikwi.

Panthawiyo iyenso ankaona ngati nyanja ndi yaikulu kwambiri moti munthu sangaiwononge. Anasintha maganizo. Kuyambira mu 1946, America inkaika zinyalala za nyukiliya m'migolo yachitsulo yothiridwa simenti n'kukaiponya m'nyanja, ndipo pafupi ndi zilumba za Farallon, kufupi ndi San Francisco, panamizidwa migolo yoposa 47,000. Bukulo litasindikizidwanso mu 1961, Carson anawonjezera mawu oyamba ochenjeza za mchitidwewu. Mfundo yake inali yoti migolo imachita dzimbiri n'kudontha, madzi amanyamula poizoniyo kupita naye kutali, ndipo tizamoyo ting'onoting'ono toyandama m'madzi timamumwa. Tizamoyoto timadyedwa ndi tinsomba, tinsomba timadyedwa ndi nsomba zazikulu, monga momwe ncheni imadyera usipa, ndipo poizoniyo amanka naunjikana mpaka kufika m'mbale ya munthu. Chinkamuda nkhawa kwambiri n'choti anthu ankayamba ndi kutaya, kufufuza pambuyo, pamene chimene chamira sungachivuulenso.

Pano pafunika kusamala, kuti tisakokomeze. Zidutswa za Starship si za nyukiliya. Roketiyi imayendera gasi wa methane ndi mpweya wa okosijeni, osati hydrazine, mafuta apoizoni amene maroketi ena amagwiritsa ntchito. Koma njira imene zinyalala zimadutsa ndi yomwe ija anafotokoza Carson. Chogwa pakati pa nyanja chimatulukira pagombe la dziko lina, kwa anthu amene sanafunsidwe n'komwe. Pulasitiki amanyenyeka kukhala tizidutswa tokwana kumezedwa ndi kamba kapena nsomba, ndipo kamwana ka kamba kongoswa kumene kamayenera kukwawa pamchenga womwewo kuti kafike kumadzi. N'chifukwa chake ku Playa Bagdad anthu odzipereka anayenda pagombe akutolera zinyalalazo ndi manja, ndipo mu Juni 2025 Pulezidenti Claudia Sheinbaum ananena kuti boma lake likuunika zotengera nkhaniyo kumalamulo.

Ambiri amamudziwa Carson chifukwa cha buku la Silent Spring la mu 1962, lonena za mankhwala ophera tizilombo monga DDT. Makampani opanga mankhwala anamunyoza kuti ndi mkazi wongotengeka mtima. Mpaka lero ena amamunena kuti anachititsa kuti malungo achuluke. Inu amene mumagwira ntchito yolimbana ndi udzudzu dziwani kuti iye sanapemphe kuti mankhwalawa athetsedweretu. Anachenjeza kuti kupopera mwachisawawa m'minda kumapangitsa tizilombo, kuphatikizapo udzudzu, kuzolowera mankhwalawo. Pangano la ku Stockholm la mu 2001 limalolabe DDT polimbana ndi malungo.

Bukuli analilemba akudwala, akuleranso Roger, mdzukulu wa mkulu wake uja, amene anamutenga mu 1957 ali ndi zaka 5. Mu 1960 anamuchotsa bere. Atafunsa ngati chotupacho chinali khansa, dokotala sanamuuze zoona zonse, ndipo miyezi inapita asakulandira chithandizo china, matenda akufalikira. Taganizani, katswiri wa sayansi kubisiridwa za thupi lake lomwe. Mu 1963 anakalankhula pamaso pa aphungu a nyumba ya Senate ali wofooka kale. Anamwalira pa 14 Epulo 1964 ku Silver Spring, ali ndi zaka 56.

Sanaone pangano la ku London la mu 1972 loletsa kutaya zinyalala zoopsa m'nyanja, ngakhalenso chiletso chotheratu cha zinyalala za nyukiliya chimene chinabwera mu 1993. Gawo lina la phulusa la thupi lake mnzake analimwaza pagombe lamiyala ku Maine, kumene Carson ankakonda kupita madzi akaphwera.