John Moir, Mwini Wake wa Dzina la Mandala

Akuluakulu a kuno kwa Njombwa amakumbukira masiku amene nsalu, mchere ndi makasu zinkagulidwa ku sitolo za Mandala. Dzinali linali la munthu lisanakhale la sitolo.

John William Moir anabadwira mumzinda wa Edinburgh, ku Scotland, m'chaka cha 1851. Mu 1878 iye ndi mng'ono wake Frederick anasankhidwa kuyendetsa kampani yomwe inakhazikitsidwa ku Glasgow, imene pambuyo pake inadziwika kuti African Lakes Corporation. Cholinga chake chinali kutengera amishoni katundu pa Shire ndi pa nyanja, komanso kubweretsa malonda oti alowe m'malo mwa kugulitsa anthu. Pakuti John ankavala magalasi a m'maso, anthu anamutcha Mandala, ndipo dzinalo linafalikira kwa kampani yonse.

Mu 1882 kampaniyo inamanga nyumba ya oyang'anira ake ku Blantyre. Anthu a m'deralo anaumba njerwa za dothi nkuziumika padzuwa, ndipo anazimanga ndi matope. Nyumbayo ndi yosanja, yokhala ndi khonde lalikulu la nsanamira ndi matabwa. Khondelo silokongoletsa chabe: limatchinga mvula kuti isanyowetse makoma, monga momwe tsindwi lotsika limatetezera nyumba ya kumudzi. Pa nthawi za mantha a nkhondo, anthu ankathawira mu linga lake.

Moyo wa Moir sunali wa m'sitolo mokha. Pa nkhondo yolimbana ndi Mlozi, wogulitsa akapolo ku Karonga, yomwe inayamba mu 1887, iye ndi mng'ono wake onse anavulazidwa ndi zipolopolo. Komabe mbiri sibisa kuti kampaniyo inkagula minyanga ya njovu yochuluka, inatenga malo aakulu kwa mafumu, ndipo inalambulira njira ulamuliro wa atsamunda. Atasiya ntchitoyo, Moir anakalima tiyi ku Lauderdale, ku Mulanje, kenaka anabwerera kwawo kumene anatchuka ndi ulimi wa njuchi. Anamwalira mu 1940.

Nyumba ya Mandala ikadalipo, ndipo imadziwika kuti ndi nyumba yakale kwambiri mwa zonse za mamangidwe a chizungu zimene zatsala m'Malawi. Boma limaiteteza ngati chuma cha fuko, ndipo m'chipinda chapamwamba muli mabuku ndi zithunzi zakale za bungwe la Society of Malawi, lomwe linayamba mu 1946.

Mlimi wa fodya aliyense amadziwa kuti chigafa chikasiyidwa, chiswe chimadya nsanamira ndipo denga limagwa pa dzinja limodzi kapena awiri. Nyumba ya dothi ndi mitengo yapitirira zaka 140 chifukwa m'badwo uliwonse unakonza denga, nuchotsa thabwa lofumbwa. Matchalitchi akale, mabwalo a milandu ndi sitolo zakale za m'boma la Kasungu zikudikira chisamaliro chomwecho, pamene mitengo ya mlombwa ndi mbawa yokonzera nyumbazi ikunka nisowa.