Ibn al-Haytham: mtundu uli pa chinthu kapena m'mutu mwathu?

Hasan Ibn al-Haytham anabadwira ku Basra, m'dziko la Iraq, cha m'ma 965 ndipo anamwalira ku Cairo cha m'ma 1040. Ana athu akamajambula mizere ya kuwala yochoka pa chinthu kukalowa m'diso, amatsata njira imene bambo ameneyu anaitsimikiza.

Olemba mbiri yake amati mfumu al-Hakim ya ku Egypt inamuitana itamva kuti angathe kuweta madzi a Nile. Atafika kufupi ndi Aswan n'kuona kukula kwa mtsinjewo, anavomera kuti sizingatheke. Poopa mkwiyo wa mfumu anadzisandutsa wamisala, ndipo anamutsekera m'nyumba mpaka mfumuyo itafa mu 1021. Buku lake la magawo 7, Kitab al-Manazir, analilemba cha m'zaka zomwezo.

Euclid ndi Ptolemy ankaphunzitsa kuti diso ndi limene limatulutsa cheza. Iye anatsutsa: ukayang'ana dzuwa maso amapweteka, ndiye kuti chilipo chimene chikulowa. Anayatsanso nyali zingapo kunja kwa chipinda chamdima chokhala ndi kabowo. Nyali iliyonse inkaponya kadontho kake pakhoma, ndipo akaphimba imodzi, kadontho kake kokhako n'kamene kankazima.

Nanga mtundu? Apa m'pamene timam'kondera, chifukwa sanathamangire mbali imodzi. Anati kufiira kapena kubiriwira kulidi pa chinthucho, ndipo kumafika m'diso pamodzi ndi kuwala. Koma kudziwa kuti mtundu ndi wakuti ndi ntchito ya nzeru, zimene zimafananitsa zomwe diso lalandira ndi zomwe zinaonapo kale, ndipo zimafuna kanthawi. Umboni wake unali nguli yopakidwa utoto wosiyanasiyana: ikamazungulira mwamphamvu imaoneka ya mtundu umodzi, pamene utoto uja sunasinthe. Anaonanso kuti mtundu umaoneka mosiyana malingana ndi kuwala kumene kwaugwera. Ogulitsa manachesi kuno ku Mwanza izi amazidziwa bwino. Nachesi lowala masana limaoneka lofwifwa pa koloboyi, komabe wogula salisokoneza ndi ndimu.

Cha m'ma 1200 bukuli analimasulira m'Chilatini, ndipo ku Ulaya anam'dziwa ndi dzina loti Alhazen. Linasindikizidwa ku Basel mu 1572, patatsala pafupifupi zaka 100 kuti Isaac Newton agawe kuwala kwa dzuwa m'mitundu yake ndi galasi.