WALTER BAADE, MUNTHU AMENE ANAPEZA MIBADWO YA NYENYEZI

Walter Baade anabadwira ku Schröttinghausen m'dziko la Germany pa 24 March, 1893. Atatsiriza maphunziro ake ku Göttingen mu 1919, anayamba nchito yopenda nyenyezi ku Hamburg. Mu 1931 anasamukira ku Mount Wilson, phiri la kufupi ndi mzinda wa Los Angeles ku Amereka, kumene kunali makina oonera kutali aakulu koposa onse masiku amenewo.

Amereka atalowa m'nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, boma linamuyesa mlendo wa dziko la adani, popeza anali akali nzika ya Germany, ndipo linamuletsa kuyenda kutali. Anzake ambiri anapita ku nchito za nkhondo, iye natsala pa phiripo. Nyali za mumzinda zinali kuzimitsidwa usiku poopa ndege za adani, kotero kuti thambo linada bii. Mdima umenewo ndiwo unamuthandiza kujambula nyenyezi zimene zinali zisanaonekepo, za pakati pa mlalang'amba wa Andromeda.

Mu 1944 Baade analengeza kuti nyenyezi zili m'mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndiwo wa dzuwa lathu. Waciwiri ndiwo umapezeka m'magulu obulungira, m'mene nyenyezi zikwi mazanamazana zimaunjikana monga njuci pa nthambi. Mlalang'amba wathu uli ndi magulu otere oposa 150. Lalikulu koposa, Omega Centauri, limaoneka ndi maso kuno kwathu, cakumwera, madzulo a nyengo ya masika.

Akatswiri ena atapima kuwala kwa nyenyezizo, anapeza tanthauzo la mitundu iwiriyo. Za m'magulu obulungira ndizo nkhalamba, zambiri za zaka zoposa mabiliyoni 12, ndipo citsulo cimacepa kwambiri m'kati mwake. Zinabadwa citsulo cisanaculuke. Citsulo cimapangika m'nyenyezi, nicimwazika pamene nyenyezizo ziphulika pakufa, ndipo mibadwo yotsatira imacilandira ngati colowa. Cotero citsulo ca khasu la m'munda ndi ca m'magazi athu cinacokera ku nyenyezi zimene zinafa dzuwa lisanabadwe.

Baade anapuma pa nchito mu 1958, ndipo anamwalira ku Göttingen pa 25 June, 1960. Mitundu iwiri imene anaisiyanitsa m'masiku a nkhondo aja imaphunzitsidwabe kufikira lero.