Dr Robert Laws: Mphunzitsi Amene Ntchito Yake Inazika Mizu ku Bandawe

Munthu akamayenda mumsewu wa m'mbali mwa nyanja kulowera ku Nkhata Bay amadutsa pa Bandawe, kufupi ndi Chintheche. Pamalopa pali tchalitchi chakale cha njerwa komanso manda a amishonale. Apa m'pamene panazika mizu ntchito ya Dr Robert Laws, omwe anatumikira m'dziko muno zaka 52 ndipo anakhala mkulu woyamba wa sukulu ya Overtoun Institution ku Livingstonia.

A Laws anabadwa pa 28 Meyi 1851 ku Aberdeen m'dziko la Scotland. Bambo awo anali mmisiri wa matabwa, ndipo iwonso anayamba ndi luso lomwelo asanaphunzire zaudokotala ndi zaubusa. Anafika kuno mu 1875 ndi gulu la Livingstonia Mission, pa sitima ya Ilala, n'kukhazikika ku Cape Maclear. Kumeneko malungo anapha anzawo angapo, ndipo munthu woyamba kubatizidwa, Albert Namalambe, anabatizidwa mu 1881. Ena akadapakira katundu n'kubwerera kwawo, koma a Laws anasamutsira mishoni ku Bandawe chaka chomwecho.

Nthawi imeneyo Atonga ankakhala mwamantha chifukwa cha nkhondo za Angoni a M'mbelwa. A Laws sanatenge mfuti kumenyera mbali imodzi. Mothandizidwa ndi mlaliki William Koyi wochokera ku Lovedale ku South Africa, yemwe ankamvana chilankhulo ndi Angoni, anasankha njira yokambirana. Atonga anaikonda sukulu kwambiri moti masukulu anafalikira m'midzi yambiri ya m'mbali mwa nyanja.

Mu 1894 a Laws anakwera phiri kupita ku Khondowe, m'boma la Rumphi lero, komwe anayambitsa Overtoun Institution. Anaitsogolera mpaka 1927. Chikhulupiriro chawo chinali chakuti mutu, mtima ndi manja ziphunzire limodzi. Ophunzira ankasulidwa pa uphunzitsi, ubusa, zachipatala, ukalipentala, zomangamanga ndi kusindikiza mabuku. Sukuluyo inali ndi madzi a m'mipope ndiponso magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi pamene malo ambiri m'dziko muno ankadalira nyali.

Komabe chuma chenicheni chomwe anasiya ndi anthu. Clements Kadalie wa ku Chifira, pafupi ndi Bandawe, anakayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Levi Mumba anakhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944.

Mbiri yawo ili ndi mbali inanso yofunika kuilingalira. Mishoni inachedwa kupereka udindo kwa anthu omwe inawaphunzitsa. Abusa oyamba achikuda, Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, anadzozedwa mu 1914, patatha zaka 39 chifikire amishonale. Ena sanapirire. Eliot Kamwana anachoka n'kubweretsa chiphunzitso cha Watch Tower pakati pa Atonga, ndipo Mwasi yemweyo anapatuka mu 1933 n'kuyambitsa mpingo wake. Anthu amene anaphunzitsidwa kuganiza paokha sakanalola kukhala ana mpaka kalekale.

A Laws anabwerera kwawo mu 1927 ndipo anamwalira ku London pa 6 Ogasiti 1934. Ankalakalaka kuti Livingstonia idzakhale yunivesite, koma sanazione ndi maso. Loto lawolo linakwaniritsidwa mu 2003 pamene University of Livingstonia inatsegulidwa, ndipo nthambi yake ya ku Khondowe imatchedwa Laws Campus.

Ophunzirafe, amene mawa tidzayang'anire masukulu, zipatala ndi mipingo, titolepo ziwiri. Ntchito yokhalitsa imafuna munthu wosathawa zinthu zikavuta. Koma mtsogoleri akasula anthu, awakhulupirire n'kuwasiyira mpando nthawi ikadalipo.