Mary Shelley: Mlembi yemwe adasimba za kutha kwa mtundu wa anthu

Anthu ambiri amawadziwa mayi Mary Shelley chifukwa cha buku la Frankenstein lomwe lidatuluka m'chaka cha 1818. Koma mayiwa adalembanso The Last Man, limodzi mwa mabuku oyambirira a Chingerezi osimba za kutha kwa mtundu wa anthu. Nkhani ya m'bukuli ndi yopeka, koma chisoni chake chidachokera m'moyo wa mlembi mwiniwakeyo.

Mayi Shelley adabadwira mu mzinda wa London pa 30 Ogasiti 1797. Mayi awo, a Mary Wollstonecraft, omwe ankalemba zomenyera ufulu wa amayi, adamwalira patangotha masiku ochepa mwanayo atabadwa. Choncho adaleredwa ndi bambo awo, a William Godwin, omwenso adali mlembi wotchuka.

Imfa idawalondola mpaka m'banja lomwe adamanga ndi mlakatuli Percy Bysshe Shelley. Mwana wawo woyamba adamwalira ali wakhanda mu 1815. Banjali litasamukira ku Italy, Clara adamwalira ku Venice mu 1818, ndipo William adatsatira ku Rome mu 1819. Mu Julaye 1822 amuna awo adamira pa nyanja boti lawo litakumana ndi namondwe. Mayi Shelley adabwerera ku London mu 1823 ali wamasiye wa zaka 25, ndi mwana mmodzi yekha, Percy Florence. Chaka chotsatira bwenzi la banjali, mlakatuli Lord Byron, naye adamwalira ku Greece.

M'masiku ovutawo, china chomwe chinkawatonthoza mtima chidali nyimbo. Iwo ankakonda kwambiri nyimbo za Mozart, ndipo ankacheza kunyumba kwa a Vincent Novello, katswiri woyimba limba, komwe abwenzi ankasonkhana madzulo kumvera nyimbo. Ndi nthawi yomweyi pomwe ankalemba The Last Man, lomwe lidasindikizidwa mu 1826.

Bukuli likusimba za mliri womwe ukusesa dziko lonse kumapeto kwa zaka za m'ma 2000. Wosimba nkhaniyi, Lionel Verney, akuika m'manda abale ndi abwenzi mmodzimmodzi. Akatswiri amagwirizana kuti Adrian, bwenzi lake lapamtima, akuimira Percy Shelley, pomwe Lord Raymond akuimira Byron. Monga zidachitikira amuna a mlembiyu, Adrian naye akufera m'madzi.

Nyimbo zidalowanso m'nkhaniyi. Opulumuka ochepa atafika pafupi ndi Geneva, akumva kulira kwa limba m'tchalitchi china. Akupeza mtsikana akuyimbira bambo ake osaona nyimbo ya Haydn yokondwerera kulengedwa kwa dziko. Mtsikanayo adawabisira bambowo kuti anthu a m'deralo adatha, ndipo nayenso mliri udali utamugwira kale. Nyimbo ya chiyambi cha dziko ikumveka pomwe anthu ake akutha, koma woyimbayo sakuleka chifukwa pakadali munthu mmodzi wofunika kumutonthoza.

Pomaliza Verney akutsala yekha mu mzinda wa Rome, momwe akulemba mbiri yake osadziwa ngati kudzapezeke woiwerenga. Kenaka m'chaka cha 2100 akukwera boti pamodzi ndi galu kukafunafuna munthu wina wamoyo.

Ounika mabuku a nthawiyo adalinyoza bukuli, ena mpaka kunena kuti lidachokera m'maganizo odwala. Lidaiwalika kwa zaka zoposa 100 kufikira pomwe lidasindikizidwanso ku America mu 1965. Mliri wa Covid-19 utabuka mu 2020, anthu ambiri adayambanso kuliwerenga ndi kulikambirana.

Mayi Shelley adapitiriza kulemba kuti apeze zolerera mwana wawo, komanso adasonkhanitsa ndi kusindikiza ndakatulo za malemu amuna awo. Adamwalira ku London pa 1 Febuluwale 1851 ali ndi zaka 53. Adaikidwa pa tchalitchi cha St Peter's ku Bournemouth, komwe mafupa a makolo awo adasamutsidwira kuti agone nawo m'manda amodzi.