David Clement Scott, Womanga Tchalitchi cha ku Blantyre

Ambiri a inu, abale, munafikako ku Blantyre, ena pofuna nchito, ena pokazonda odwala, ndipo munaona tchalitchi chija cha njerwa chiri pa Mishoni, chokhala ndi nsanja ziwiri kumaso kwache, ndi denga lobulungira pamwamba ngati mphika wobvundikira. Mlendo akachiona ayesa kuti chinamangidwa ndi amisiri omveka ochokera ku Ulaya. Koma sikutero ai. Munthu amene anachilingirira mumtima mwache sanaphunzire umisiri wa kumanga nyumba pa sukulu iri yonse, ndipo amene anaumba njerwa ndi kuziyala anali anthu a dziko lino, osaonapo nyumba yotere chibadwire. Mwezi uno tikumbuke munthu ameneyo, dzina lache David Clement Scott.

Iye anabadwa m'chaka cha 1853 ku Edinburgh, mzinda waukuru wa dziko la Scotland, naphunzira komweko pa sukulu yaikuru yotchedwa University, kufikira anakhala mbusa. Anali mnyamata wakuthwa nzeru, ndipo akadafuna akadapeza mpingo wabwino kwao. Koma Mpingo wa Church of Scotland unamtuma ku Blantyre m'chaka cha 1881, ali ndi zaka 28, nadza pamodzi ndi mkazi wache Isabella Bowie.

Anafika pa nthawi ya manyazi. Mishoni ya Blantyre inayambika mu 1876, pa malo amene anasankha Henry Henderson m'dziko la mfumu Kapeni. Popeza kunalibe Boma masiku amenewo, Azungu oyamba aja anadziyesa mafumu ndi oweruza. Anamanga anthu, nawakwapula ndi chikoti, kufikira munthu wina anafa nayo mikwapulo, ndi wina anaomberedwa mfuti pa mlandu wa kupha munthu. Mbiri yoipayi inamveka ku Scotland mu 1880, ndipo akuru a Mpingo anatuma anthu kudzafunsa, nachotsa mtsogoleri wa Mishoni ndi anzache ena. Sitibisa zimenezi, pakuti munthu sangazindikire nchito ya Scott ngati sadziwa dzenje limene anapeza Mishoni itagweramo.

Choyamba chimene anachita ndicho kuleka chikoti, nabwezera milandu kwa eni ache, ndiwo mafumu ndi akuru a midzi. Iye mwini anakhala pansi pa bwalo namvetsera. Anaona kuti makolo athu poweruza mlandu safulumira, alola yense anene mau ache kufikira atatha, ndi kuti chimene afuna makamaka ndicho kuyanjanitsa anthu. Nauyesa mwambo umenewu waulemu, woyenera kulowa ndi mu Mpingo momwe. Mu 1884, pakumva kuti Angoni a Chikusi alinkukonza nkhondo, anayenda ulendo wa masiku ambiri kunka kwa mfumuyo, pamodzi ndi mkazi wache ndi Henderson, napangana naye ubwenzi. Nkhondo inaoloka Shire chaka chomwecho, nipasula midzi yambiri, koma Mishoni ndi anthu othawiramo inawaleka.

Kukhala pa bwalo kuja kunabala buku. Zaka khumi analinkutola mau m'kamwa mwa anthu, nawalemba. Ndipo mu 1892 linasindikizidwa ku Edinburgh buku lache lotchedwa A Cyclopaedic Dictionary of the Mang'anja Language, la masamba oposa 700. Musaliyese mndandanda wa mau chabe, uku Chimang'anja uku Chingerezi. Pansi pa liu limodzi mupeza zitsanzo za manenedwe, miyambi, ndi kufotokoza kwa miyambo: za mlandu, za mwabvi, za ufiti, za nsembe, za ng'oma ndi magule. Masiku amenewo Azungu ambiri ananyoza chinenero chathu nachiyesa chosauka. Koma iye anaonetsa kuti chiri ndi malamulo ache ndi chuma chache, ndi kuti chikhoza kusenza nkhani zakuya. Pambuyo pache mnzache Alexander Hetherwick analikonzanso bukulo, naliturutsa mu 1929 ndi dzina la Dictionary of the Nyanja Language. Ife amene tiphunzitsa m'midzi tidziwa kuti mphunzitsi wonyoza ophunzira ache sangathe zaka khumi alikulemba mau ao.

Tsopano tifike pa tchalitchi. Nchito inayambika mu 1888. Amisiri a ku Ulaya asanakumbe maziko amayamba alemba chithunzi cha nyumba yonse pa mapepala, ndi miyeso yache yonse; Scott analibe mapepala otere. Nyumba inalinkukula m'mutu mwache monga momwe inalinkukulira pansi. Dothi analikumba pafupi pomwepo, naliponda, naumba njerwa, naziotcha ndi nkhuni. Inu amene munaumbapo njerwa mudziwa kuti chikombole chimodzi chikwanira nyumba yonse ya mphunzitsi, ndi sukulu yomwe. Koma pa tchalitchi chimenechi anthu anawerenga mitundu ya njerwa 81: zina zopindika, zina zochepa mbali imodzi, zina zokometsera khoma, ndipo mitundu imeneyi inafuna zikombole zache za matabwa, zosemedwa ndi manja.

Nanga mitundu yambiri chotero njachiani? Mukapitanso, tayang'anitsitsani makomo ndi mazenera ache. Ife pomanga khomo timaika mtanda wa mtengo pamwamba, ndipo chiswe chikadya mtengowo, khoma ligumuka. Koma m'nyumba muja muli makomo opindika ngati uta, a njerwa zokha zokha. Njerwa za uta ziyenera kukhala zotakata kunja ndi zochepa m'kati, kuti iri yonse pofuna kugwa ikanikize inzache. Potero kulemera kwa khoma sikutsikira pakati pa khomo, koma kupatukira ku mbali ziwiri ndi kutsikira m'nsanamira. Kulemera kukachuruka pamwamba, njerwa zingogwirana kolimba, malinga nsanamira za m'mbali zikapanda kukankhika. Ndicho chifukwa chache muona zochirikiza za njerwa kunja kwa makoma. Denga lobulungira lija nalonso liima ndi nzeru yomweyi, pakuti liri ngati mauta ambiri olumikizana pozungulira.

Wina adzafunsa kuti, munthu wosaphunzira umisiri anadziwa bwanji kuti uta wache sudzagwa? Anayesa. Chigawo chiri chonse anayamba achiyala ndi njerwa zouma, popanda matope, iye ndi omanga ache, nayang'ana ngati chiima, ndi ngati chikoma m'maso. Chikalakwika anachiphwasula nayambanso; chikakhala bwino, pamenepo ndipo anamanga ndi matope. Ine ndiyesa kuti nzeru yache yonse ya uphunzitsi yagona pamenepa. Njerwa youma ikakhala pa malo olakwika, palibe choonongeka. Uichotsa nuika ina, ndipo wophunzira aona ndi maso ache chimene chinalakwika, osati kungouzidwa. Momwemo zaka zitatu zija pa Blantyre panali sukulu yopanda choko ndi sileti, mmene Mzungu ndi anthu ache anaphunzirira pamodzi chinthu chimene onse sanachidziwe kale. Anthu potchula tchalitchichi amatchula Scott yekha. Nkoyenera kumtchula, komatu munthu mmodzi sakadaumba njerwa zikwi zikwi, kapena kuzikweza pa nsanja, kapena kuongola makoma onse aja ndi chingwe. Amene anachita izi ndiwo makolo a anthu amene akhala m'midzi yozungulira Blantyre.

Utali wa nyumbayo ndiwo mapazi 106, m'mimba mwache mapazi 30, ndi msinkhu wache kufikira pamsonga pa denga mapazi 37. Anaipatula pa 10 May 1891. Lero idziwika ndi dzina la St Michael and All Angels, ndipo iri ya Sinodi ya Blantyre ya CCAP. Zapita zaka zoposa 130, ikali chiimire, ndi anthu akali kupempheramo.

Tsiku lopatula lija linali la chimwemwe chosanganiza ndi misozi. Kuchiyambi kwa chaka chomwecho nthenda ya pakhosi yotseka mpweya, imene Azungu aitcha diphtheria, inagwira mwana wa Henderson. Dotolo John Bowie, mlamu wache wa Scott, anaboola pakhosi pa mwanayo kuti apume, nayamwa ndi pakamwa pache zotseka njira ya mpweya, alikudziwa bwino tsoka lache. Mwana anafa, amache anafa, ndiwo mlongo wache wa Bowie ndi mbale wa mkazi wa Scott, Bowie mwini anafa, ndipo Henderson, ali pa ulendo wobwerera kwao, anafera ku Quelimane. Mabanja amene anaona makoma alinkukwera sanafike onse kudzaona chitseko chitatseguka.

Scott anamangiranji nyumba yaikuru ndi yokoma chotero pakati pa nyumba za udzu? Ena kwao anaiyesa kutaya ndalama. Koma iye anakhulupirira kuti anthu a Afrika ayenera kulandira zabwino zenizeni, osati makombo, ndi kuti Azungu ndi anthu akuda apemphere m'nyumba imodzi, nadye Mgonero pa gome limodzi. Ndipo anakana kugawa Mpingo pa khungu. Maganizo omwewa analamulira sukulu yache. Ana anaphunzira kuwerenga, kulemba ndi masamu m'chinenero chao, naphunziranso Chingerezi, kuti mabuku a dziko lapansi asatsekedwe pamaso pao. Ena anaphunzira kupala matabwa, kumanga, kulima, ndi kusindikiza mabuku. Kalata ya mwezi ndi mwezi yotchedwa Life and Work, imene inayambika mu 1888, inasindikizidwa pa Mishoni pomwepo.

M'chaka cha 1894 anachita chinthu chimene chinamdanitsa ndi ambiri: anapatula anyamata a dziko lino 7 akhale madikoni. Anasonkhana nao kawiri kawiri, nawaphunzitsa, nawapatsa milandu ya Mpingo aiweruze pamodzi ndi iye, monga achitira akuru pa bwalo. Ndipo anawatuma ku nchito zao zao, monga anayesera njerwa zija, kuti aoneke ngati aima. Mmodzi wa iwo ndiye Mungo Murray Chisuse, amene anaphunzirako kusindikiza ku Edinburgh, natsogolera nyumba yosindikizira mabuku, nakhalanso wojambula zithunzi. Wina ndiye Harry Kambwiri Matecheta, amene ananka kwa Angoni a ku Ntcheu. Wina ndiye John Gray Kufa, wodziwa za mankhwala, yemwe Boma linamupha mu 1915 pa mlandu wa nkhondo ya John Chilembwe. Chofuna Scott chinali chakuti anthu amenewa akhale abusa msanga, nautenge Mpingo m'manja mwao.

Adani anamchurukira mbali zonse. Boma la Angerezi litakhazikika mu 1891, iye ndi Hetherwick anatsutsana poyera ndi Bwanamkubwa Harry Johnston pa za msonkho wolemera, za nkhondo zothira mafumu, ndi za kugulitsa dziko kwa Azungu; anakananso kuti dziko lino liperekedwe m'manja mwa kampani ya Cecil Rhodes. Azungu a minda anamuda chifukwa cha kulemekeza anthu akuda. Ena a Mishoni yomwe ndi a ku Scotland anamnenera kuti mapemphero ache, ndi oimba obvala zoyera, zifanana ndi za mipingo ina, ndi kuti aononga chuma cha Mishoni. Kunena zoona, sanali munthu wapafupi kukhala naye. Akatsimikiza kanthu sanabwerere, ndipo mau ache anali akuthwa. Mu 1895 anataya mbale wache, dotolo William Affleck Scott, ndi mkazi wache yemwe. Mu 1897 akuru a Mpingo anatumanso anthu kudzafunsa za iye. Ndipo mu 1898, mphamvu zitamthera, anachoka ku Blantyre, nasiya nchito m'manja mwa Hetherwick.

Sanakhalitse kwao. Mu 1901 anatumidwa ku Kikuyu, m'dziko la Kenya, kukatsogolera Mishoni ya kumeneko. Mkazi wache wachiwiri, Edith Ruffelle, anamwalira komweko mu 1902, ndipo iye anaonjezera dzina la mkaziyo pa dzina lache, natchedwa David Clement Ruffelle Scott. Anatengera Mishoni malo akuru ndithu, nayesa kulima munda waukuru kuti Mishoni idzidyetse yokha, koma mundawo sunapindule. Pa ichi sindingamyamikire, pakuti amene anatsutsa kutenga dziko la anthu ku Blantyre anadzakhala mwini dziko pakati pa Akikuyu. Anamwalira mu October 1907, ali ndi zaka 54, naikidwa ku Kikuyu, kutali ndi nyumba imene anamanga.

Atachoka iye ku Blantyre, nkhani ya kudzoza abusa a dziko lino inayenda pang'ono pang'ono. Harry Matecheta anadikira zaka 16 chiikidwire udikoni, kufikira mu March 1911, pamene iye ndi Stephen Kundecha anadzozedwa kukhala abusa oyamba akuda a Mishoni ya Blantyre. Scott sanalione tsiku limenelo. Matecheta anagwira ubusa pakati pa Angoni zaka zambiri. Ndipo atakalamba analemba m'chinenero chathu nkhani za chiyambi cha Mishoni ya Blantyre, monga anaziona ndi kuzimva, ndipo bukulo linaturuka mu 1951.